Piki m'Manja mwa Injiniya

Amene anabweretsa nkhaniyo pakhomo anali azakhali athu a Yunisi. Anafika thukuta lili kamukamu, osapereka ndi moni womwe.

"Achimwene, mwana wanu ali m'ngalande! Ndamuona ndi maso angawa. Wagwira piki, matope mpaka m'mawondo."

Ababa anali pampando wawo wa ndalema pansi pa mtengo wa nimu, miyendo yawo yotupa ija ataisanjika pa mtondo wakale. Anangotembenuka n'kundiyang'ana ine, ngati kuti ndine ndinamupatsa pikiyo.

Ine ndine Fagness, mwana woyamba wa a Maliko Ngozo a ku Golomoti. Ndimagulitsa mpunga pamsika, ndipo pakamwa panga anthu amapadziwa, sindisungira munthu mawu. Koma tsiku limenelo ndinasowa chonena, chifukwa nkhaniyo ndinkaidziwa kale, ndipo ndinali nditamuchenjeza mlongo wanga kuti idzatiphulikira.

Harrison ndi mzime wa malemu amayi. Mutu wake unali wakuthwa kuyambira ali kupulayimale ku Mua. Atamaliza digiri ya zomangamanga ku Blantyre, anasankhidwa kupita ku France, kusukulu ya mainjiniya okhaokha, kumene amalowako anthu oti aphunzira kale n'kale. Lamulungu lililonse ankatiimbira foni n'kumatiuza za kumeneko. Ankati aphunzitsi amakuimika wekha pabolodi, iwo atakhala atatu kumbuyo kwako, n'kumakupanikiza ndi masamu m'Chifalansa mpaka choko kunyowa m'manja. Ankati nyengo yozizira amalowa m'kalasi kusanache, n'kutuluka kutada kale, dzuwa osaliona. Aliyense wofika kumene amamupatsa wophunzira wamkulu woti azimuyang'anira ngati nkhoswe, ndipo wake anali mnyamata wa ku Senegal amene anamuphunzitsa kukwera sitima za mumzinda. Ababa ankamvetsera zonsezi foni ili kukhutu, maso atatsinzina. Kenako ankapita nazo kutchalitchi, ndipo pofika pabwalo la Mua aphunzitsi atatu aja ankakhala atasanduka khumi.

Musawaseke ababa. Unyamata wawo wonse unathera panjanji, kunyamula zitsulo ndi kuphwanya miyala kuchokera kuno mpaka kupitirira Mtakataka. Msana unapindikira komweko. Ankakonda kunena kuti, "Ine piki ndagwirira ana anga ndi adzukulu omwe. M'nyumba muno piki yatha." Ine ndinalekezera Sitandade 8 kuti ndizisamala pakhomo amayi atamwalira, ndipo sindibisa, zinkandiwawa. Koma Harrison akaimba foni, nanenso ndinkaiwala zonsezo n'kumanyada.

Tsono sukulu yakeyo ili ndi lamulo limene ife kuno sitinalimvepo. Wophunzira aliyense akamaliza chaka choyamba, kaya akhale mwana wa nduna, ayenera kukagwira ntchito ya manja patchuthi, ngati lebala wamba, pansi pa kapitawo. Akuti munthu amene adzalamule anzake kunyamula thumba la simenti ayambe wadziwa kulemera kwake. Akabwerera amakaima pamaso pa aphunzitsi n'kufotokoza zimene anaona. Wosachita zimenezi chaka chachiwiri salowa. Anzake anapita m'mafakitale a komweko, ena kumadoko. Harrison, atamva kuti miyendo ya ababa yayamba kutupa, anapempha kuti akagwirire kwawo, ndipo kampani ina imene inkakonza ngalande za sikimu ya mpunga zimene madzi osefukira anagumula inavomera kumulemba.

Zonsezi anafotokoza tsiku lomwe anafika. Koma ababa anali ataledzera ndi chimwemwe, anangomva kuti "ntchito ya kusikimu", basi m'maso mwawo anaona mwana wawo atavala chipewa choyera, akuloza ndi chala. Ine ndinamukokera kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe, ababa sanamve. Bwerera ukanenenso bwinobwino."

"Amva pang'onopang'ono, achemwali. Musawasokonezere chisangalalo lero."

Pang'onopang'ono pakepo ndiye panali azakhali aja ndi nkhani yawo ya piki.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, Harrison anatulukira, tsitsi lili mbuu ndi simenti, m'manja muli matuza okhaokha. Anagwada kupereka moni. Ababa sanaulandire.

"Anakuchotsa liti kusukulu?"

"Sanandichotse, ababa. Ndi lamulo la sukulu, monga ndinanenera paja."

"Sukulu ya Azungu, kukweza munthu ndege, kuti adzakumbe ngalande ku Golomoti?"

"Eya, ababa. Aliyense amachita."

"Oscar wa kwa a Nyoni anabwera kuchokera ku Joni akuti wabwera ku holide. Lero ali ndi ana atatu, holideyo sinathe. Ine ndakalamba, mwana wanga, koma sindinapuse."

Ine ndinalowererapo, ndinafotokoza mpaka mawu kusasa. Ababa anangondiuza kuti ndikaone mbuzi ngati zalowa.

Kuyambira tsiku limenelo chimene tinkafuna chinali chimodzi chokha, chakuti ababa akhulupirire kuti mwana wawo sanalephere. Tinayesa zonse, abale inu. Harrison anaimbira mphunzitsi wake, mayi wa imvi ndi magalasi, amene anaoneka pafoni ali muofesi yodzaza mabuku. Mayiyo analankhula nthawi yaitali, akumwetulira, akugwedeza mutu. Harrison ankamasulira. Ababa anamvetsera mwaulemu, anaombanso m'manja potsanzikana. Foni itazima anati, "Iwo alankhula zawo, iwe wandiuza zako. Ndidziwa bwanji kuti n'zimodzi?"

Anasiya kupita kutchalitchi. Anasiyanso kukhala pansi pa nimu, poti pamenepo odutsa mumsewu ankawaona. Mpando unalowa m'nyumba. Kumsika nkhani inali m'kamwam'kamwa. Ena ankati anamugwira akuonera mayeso, ena ankati anapereka mimba kwa Mzungu, enanso ankanong'ona kuti achibale ansanje amuzunguza mutu. Mayi wina wogulitsa tomato anandiuza pamaso kuti, "Pepanitu asisi, maphunziro akachuluka amatero." Ha! Ndinamuyankha mawu amene sindingawabwereze pano, mpaka anthu anachita kutigwira. Nditafika kunyumba, mkwiyo wonsewo unathera pa Harrison.

Tsiku lina ababa anamuitana m'nyumba, ine ndili pakhomo ndikupeta.

"Ngati ukadali pasukulu, mawa usapite. Mwana wasukulu patchuthi amapuma. Ukhale pano sabata yonse, uvale suti yako ija, Lamulungu tipite limodzi ku Misa anthu akuone. Ukatero ndikhulupirira."

"Ababa, ndikajomba sabata, kusukulu sadzaiwerengera ntchitoyi. Chaka chachiwiri sindilowa."

"Ndiye wayankha wekha," anatero ababa.

Atatuluka ndinamugwira malaya. "Iwe, sabata imodzi yokha! Munthu akudwala uyu. Azungu akowo ali kutali, adziwa bwanji?"

"Adziwa, amafunsa kwa akapitawo. Achemwali, ndikasiya, zimene anthu akunenazi zisanduka zoona."

M'mawa mwake anatenga botolo lake la madzi n'kupita, mwera ukuwomba. Ababa anamva chitseko chikutsekedwa, ndipo tsiku limenelo phala sanalikhudze. Ndinamuda mlongo wanga tsiku limenelo, ngakhale ndinkadziwa kuti sakulakwa.

Ndinapita ndekha kusikimu kukapempha akapitawo ake, che Hamidu, kuti adzalankhule ndi ababa. Ndi bambo wofatsa, wa ndevu zoyera, ndipo anabweradi Lachisanu atachoka kumzikiti. Anakhala pamphasa, anafunsa za matenda, kenako anati kuofesi anawauza kuti mnyamatayu watumidwa ndi sukulu, azimugwiritsa ntchito ngati wina aliyense. Anawonjeza kuti sadandaula, wilibala amakankha bwino, anzake amamukonda. Ine mumtima ndinati, mayo, za wilibalazo bwenzi mutazisiya.

"Che Hamidu," anatero ababa, "ntchito imeneyi mwaigwira kuyambira liti?"

"Kuyambira ndili mnyamata."

"Munaonapo injiniya ali m'ngalande?"

Che Hamidu anaweramitsa mutu. Ndi munthu wosadziwa kunama. "Wallahi, sindinaonepo."

Anatsanzika, ndipo ndinawaperekeza mpaka pamsewu.

Chakumapeto kwa Julaye matenda anakula. Ababa ankabanika akagona chagada, ndipo tinapita nawo kuchipatala ku Mua, kumene anawagoneka masiku angapo. Adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti mtima watopa, mankhwala angothandiza kuchepetsa madzi m'thupi. Harrison ankabwera akaweruka, n'kukhala kumiyendo kwa bedi, ababa atayang'ana kukhoma. Pobwerera kunyumba tinakwera galimoto ya munthu wina wa kusikimu, imene inadzera njira ya m'mbali mwa ngalande. Tinapeza antchito akutsitsa simenti mu lole. Harrison anali pamzere ndi anzake, thumba lili paphewa, khosi litapindika. Sanatione. Ababa anamuyang'ana mpaka tinakhota, ndipo ndinaona dzanja lawo likusisita phewa lawo lomwe.

Lamulungu lotsatira anandituma kuitana azakhali a Yunisi ndi abale ena apafupi. Analamula kuti mpando utulutsidwe pansi pa nimu. Ine ndinkaopa kuti akufuna kumuthamangitsa pakhomo, ndipo ndinali nditakonzeka kukangana ndi mtundu wonse. Anthu atakhala, ababa anamuitana Harrison kuti akhale pafupi.

"Abale anga, mwana uyu ndamuzunza," anayamba motero, akupumira m'mwamba. "Anapita kutali, anayesetsa, zinamukanika. Nanga ndi woyamba? Manyazi ndi amene akumunamitsa, ndipo manyaziwo ndinamupatsa ndine, chifukwa ndinkamutamanda pamsewu ngati kuti si munthu. Ndamuona akunyamula simenti. Sanapite kukaba, sanapite kumowa. Wabwera kwawo, wagwira ntchito."

Anaika dzanja pamutu pake.

"Harrison, ndakukhululukira. Usadzivutitsenso ndi nkhani za sukulu, pano palibe amene adzakufunsenso. Dimba langa la kumtsinje ndakupatsa, onsewa ndi mboni. Malo a kuseri kwa mlambe umangepo nyumba. Ukhale pano, mwana wanga."

Azakhali anayamba kulira. Harrison anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti akufuna kunenanso zoona zake zija. Nkhope ya ababa inali itamasuka koyamba chibwerere iye. Ine Fagness, amene ndinakuwa pamsika, amene ndinakatenga che Hamidu, ndinamupukusira mutu kuti akhale chete. Anagwada bwinobwino n'kuomba m'manja.

"Zikomo, ababa."

Masabata otsatirawo anali okoma, ndipo kukoma kwakeko n'kumene kunkandiopsa. Ababa anayambanso kudya. Ankakhala panja n'kumaitana odutsa, ndipo wina akafunsa mwachinyengo za injiniya, ankayankha mosabisa kuti, "Zinakanika, koma mwana ndili naye." Harrison akaweruka ankawathira madzi ofunda m'beseni n'kumawasisita miyendo, iwo akumuuza za dimba, pamene pamalowa madzi msanga, pamene pamafuna manyowa, mbewu ya mpunga imene mbalame siziikonda. Anayambanso kumutchulira mayina a atsikana a kukwaya, Harrison n'kumaseka. Tsiku lina ndikuanula zovala ndinawamva akunena motsitsa mawu.

"Ukudziwa chimene ndinkaopa uli kuja? Ndinkaopa kuti tsiku langa likadzafika udzamvera pafoni. Tsopano ndikugona tulo."

Ndinalowa m'nyumba ndi zovalazo n'kukhala pabedi, misozi ili chuchuchu.

Ntchito ya kusikimu inatha, ndipo sukulu inali pafupi kutsegulira. Ine ndi Harrison tinakangana panjira ya kumjigo.

"Uwauza liti?"

"Munandiletsa ndinu, achemwali."

"Ndinakuletsa tsiku lija, osati mpaka kalekale! Kapena ukhala?"

Ndinaona pankhope pake kuti funsolo analiganizirapo kale, mwina kambirimbiri. Pomaliza anati, "Ndikakhala, ndiye kuti zaka zonse zimene ananyamula zitsulo zija zapita pachabe. Ndikapita, ndawasiya. Mundiuze inu chochita." Ine wa pakamwa ine ndinangosenza ndowa yanga.

Anayesa kuwauza, kawiri konse ine ndikumva. Akangoyamba kuti, "Ababa, za ulendo wanga wa kusukulu," iwo ankamugwira dzanja n'kumuseka mwachikondi. "Zinatha zimenezo. Ndinati ndakukhululukira, ukufunanso chiyani?" Ndipo ankasintha nkhani n'kuyamba za njerwa.

Tsiku la ulendo linafika kumayambiriro kwa Seputembala, kutentha kwa kuno kutayamba kale. M'mawa umenewo ababa anadzuka ndi mphamvu zachilendo. Anatuma kuti awasemere zikhomo, anapeza chingwe, ndipo anayenda okha ndi ndodo mpaka kuseri kwa mlambe, akuti lero tiyeze maziko a nyumba. Azakhali a Yunisi anali atabwera kudzathandiza kugwira chingwecho. Ababa anaitana.

"Harrison! Dzuwa likwera, bwera!"

Nthawi yomweyo galimoto imene Harrison anapangana nayo kuti ikamusiye kubwalo la ndege ku Lilongwe inaima pamsewu. Iye anatuluka m'nyumba atavala nsapato zotseka, akukoka sutikesi. Pamkono anali atakoleka chijasi chake chakuda, chokhuthala ngati bulangete, chokhala ndi ubweya m'khosi. Anayenda mpaka pamene panali ababa n'kugwada pafumbi.

"Ukupita kuti?"

"Kusukulu, ababa. Kumene ndakhala ndikunena kuja."

Ababa sanayang'ane galimoto, sanayang'anenso sutikesi. Maso awo anali pachijasicho. Anatambasula dzanja n'kuchigwira, kuchifinya, kupisa zala muubweya uja. Thukuta linali likutsika m'masaya mwawo. Munthu wopita kukafuna ganyu ku Lilongwe kapena ku Joni mwezi umenewu sanyamula chinthu chotere, ndipo iwo ankadziwa.

"Kukuzizira kumeneko," anatero, osati mofunsa.

"Kuyamba posachedwapa, ababa."

"Ndiye sunalephere."

"Ayi, ababa."

"Anakutumadi kudzakumba ngalande."

"Eya."

Chingwe chinagwa m'manja mwawo. Anakhala kanthawi akupuma movutika, ndipo ndinathamanga kukawagwira mkono.

"Udzabwera liti?"

"Mu Juni, ababa, tikatsekera."

Ababa anayang'ana miyendo yawo. Tonse tinaiyang'ana. Woyendetsa galimoto analiza hutala. Harrison anali akulira poyera ngati mwana, atagwira bondo la ababa, akunena kuti akhoza kuuza galimotoyo ibwerere, akhoza kulembera kusukulu, akhoza kudikira. Ababa anamuchotsa dzanja pabondopo pang'onopang'ono.

"Dzuka. Injiniya salira pafumbi. Pita, ndege ingakusiye."

Anadzuka. Anandikumbatira n'kupita. Tinaima pomwepo mpaka galimoto inalowa mumsewu waukulu n'kusowa kuseri kwa magolosale.

Pamenepo azakhali a Yunisi, amene zinthu amazimvetsa mochedwa nthawi zonse, anaimba nthungululu. "Mwaona achimwene! Ankanena zoona mwana uja! Ndikukawauza onse kumsika, aone manyazi!" Anamanga chitenje n'kuthamangira kumsewu, akukuwa dzina la Harrison.

Tinatsala awiri kuseri kwa mlambe, pakati pa zikhomo zosakhomedwa. Kwa miyezi iwiri ndinalimbana kuti tsiku limeneli lifike, ndipo litafika ndinalakalaka likanapanda kufika. Ababa anatsamira paphewa langa, olemera kuposa mmene ndinkawadziwira.

"Unkafuna ndikhulupirire, Fagness," anatero. "Ndakhulupirira."

"Pepani, ababa."

"Upepesa chiyani? Mwana wanga ndi injiniya." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Koma Mulungu andikhululukire, ndinasangalala kwambiri pamene ndinkati walephera."

Anandipempha kuti ndiwalowetse m'nyumba akagone, ngakhale kunali kukadali m'mawa.